Msonkho wa ku Britain: mmene mungadziwire ngati a HMRC akusungirani ndalama zanu

Ambiri mwa ife Amalawi amene tikugwira ntchito ku Britain timawerenga payslip pamzere umodzi wokha, wapansi penipeni, pamene pali ndalama yolowa ku banki. Tikaona kuti ikwanira lendi, fizi ya ana kumudzi ndi kangachepe kotumiza kwa mayi, basi, pepala lija sitiliyang'ananso. Tinakula ndi maganizo oti boma likadula ladula, munthu wanzeru zake sapita kukafunsa chenji ku ofesi ya msonkho. Kuno si mmene zilili. Bwana amadula msonkho mwezi ndi mwezi motsatira kanambala kamene wapatsidwa, ndipo kanambalako kakalakwika amadula mopitirira. Zopitirirazo ndi zanu, ndipo a HMRC, omwe ndi anzawo a MRA akuno, amabweza. Kungoti si nthawi zonse pamene amakusakani kuti akupatseni.

Ine si akauntanti. Ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo kumpoto kwa England, ntchito yoyendayenda pa kagalimoto, kutuluka khomo ili kukalowa khomo ilo. Kungoti mapepala amenewa ndinaphunzira kuwawerenga, moti tikaweruka kutchalitchi sipalephera wina wondikokera pambali foni ili m'manja: "Asisi, tandionereni apa, akundibera kapena?" Yankho limapezeka tiyi asanazizire. Simufunika kulipira munthu kuti mudziwe ngati muli ndi ndalama ku HMRC. Mapepala muli nawo kale, masamu ake ndi a ku pulayimale.

Chimene chimayamba kusokoneza anthu ndi chaka. Chaka cha msonkho kuno sichiyamba mu January. Chimayamba pa 6 April n'kutha pa 5 April chaka chinacho, ndiye mukaona palembedwa 2024/25, akunena kuyambira pa 6 April 2024 kufika pa 5 April 2025. M'chaka chimodzi chotere munthu wokhala kuno amaloledwa kulandira £12,570 popanda msonkho. Amaitcha Personal Allowance, ndipo yakhala pomwepo kuyambira 2021/22. Zimene mwalandira pamwamba pake, mpaka £50,270, amadulapo 20 peresenti. Okhala ku Scotland magawo awo a msonkho ndi osiyanako, koma £12,570 ija ndi yomweyo.

Bwana sadikira kuti chaka chithe. Amatenga £12,570 ija n'kuigawa pa miyezi khumi ndi iwiri, mwezi uliwonse £1,047.50, kapena pafupifupi £242 pa sabata ngati mumalandira pa sabata. Zili ngati thumba la ufa limene mwagawa m'mbale khumi ndi ziwiri: mwezi umene simunaphike, ufa wa m'mbale imeneyo sutayidwa, ukadali wanu. Kubwezeredwa msonkho nthawi zambiri kumachokera pamenepa, pa miyezi imene simunagwire ntchito kapena munalandira zochepa, koma bwana n'kumadula ngati kuti gawo la miyezi imeneyo kulibe.

Tsono tengani P60. Ndi pepala limene bwana aliyense amene munali naye pa 5 April ayenera kukupatsani pofika pa 31 May. Masiku ano ambiri salisindikiza, amaliika komwe mumatsegula ma payslip, ndiye ngati simunalione kafufuzeni kumeneko musanayambe kukalipira a ku ofesi. Pa P60 pali manambala awiri amene tikufuna: malipiro a chaka chonse ndi msonkho wa chaka chonse. Chotsani £12,570 pa malipirowo, chotsalacho muchulukitse ndi 0.2. Tiyerekeze kuti munalandira £24,000. Mukachotsa patsala £11,430, ndipo 20 peresenti yake ndi £2,286. Ngati P60 ikuonetsa msonkho wapafupi ndi pamenepo, kusiyana mapaundi awiri atatu, zonse zili m'malo. Ikaonetsa £2,900, ndiye kuti pali £600 ndi kanthu yoti muifunse. Ngati munagwira malo angapo m'chakacho, sonkhanitsani zonse pamodzi kaye, za pa P60 ndi za pa P45 iliyonse imene munalandira posiya ntchito, malipiro paokha msonkho paokha. Muonetsetse kuti simukuwerengera ntchito imodzi kawiri, chifukwa P60 ili ndi mzere wa malipiro a ntchito yam'mbuyo ngati munapereka P45 kwa bwana watsopano.

Pali msampha umodzi pamenepa umene umasangalatsa anthu pachabe. Pa payslip amadula zinthu ziwiri za boma, msonkho ndi National Insurance. Wina amaziphatikiza, n'kupeza kuti anamudula zambiri zedi, n'kuyamba kale kuitanitsa mitengo ya malata ku Limbe. National Insurance ili payokha, imawerengedwa pa malipiro a mwezi kapena sabata imeneyo basi, ndipo silowa m'masamu athuwa. Chimodzimodzi ya penshoni. Yang'anani mzere wolembedwa Tax kapena PAYE wokha.

Mukapeza kuti manambala akusiyana, chifukwa chake chimakhala pa tax code. Ndi kabokosi kakang'ono pa payslip, kawirikawiri kali pafupi ndi nambala yanu ya National Insurance. Munthu wa ntchito imodzi amene zonse zili bwino amakhala ndi 1257L, yomwe ndi £12,570 ija atangoichotsa ziro. Ku Scotland imayamba ndi S, ku Wales ndi C. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi kamchira kake. Mukaona 1257L M1, kapena W1, kapena X, ndiye kuti bwana akuwerengera mwezi uliwonse pawokha, osayang'ana m'mbuyo. Mukaona BR, akudula 20 peresenti kuyambira paundi yoyambirira, opanda gawo laulere ngakhale pang'ono. 0T nayonso sikupatsani gawo laulere, ndipo imakonda kugwera anthu amene bwana analibe pepala lawo lililonse tsiku lokonza malipiro oyamba.

Kodi zimenezi zimabwera bwanji? Poyamba ntchito ngati mulibe P45, amakupatsani kafomu kotchedwa starter checklist, kokhala ndi ziganizo zitatu, A, B ndi C. Chiganizo A chimati iyi ndi ntchito yanu yoyamba kuchokera pa 6 April. B chimati munagwirapo ina m'chakachi koma pano yatsala ino yokha. C chimati muli ndi ntchito inanso. Ganizirani munthu wangotsika kumene ndege ku Manchester, kuzizira kwamulowa m'mafupa, tulo sanagone, ndiye amupatsa mulu wa mafomu kuti asaine asanapite kukaphunzira kanyamulidwe ka odwala. Amangochonga pamene cholembera chagwera. Wochonga B amapatsidwa M1, wochonga C amapatsidwa BR, wosabweza fomu amapatsidwa 0T.

N'chifukwa chake ine ndikakumana ndi munthu amene anafika pakati pa chaka, sindiyamba ndi P60 ya chaka chino, ndimafunsa ya chaka chimene anafikira. Tiyerekeze kuti mwafika mu October, mwagwira mpaka March, mukulandira £2,000 pamwezi. Pa miyezi isanu ndi umodzi mwalandira £12,000, yomwe sinafike n'komwe pa £12,570. Msonkho wanu chaka chimenecho umayenera kukhala ziro. Koma ngati munali pa M1, mwezi uliwonse amakupatsani gawo la £1,047.50 lokha n'kudula pafupifupi £190 pa zotsalazo, zonse pamodzi £1,140 ndi kanthu. Ngati munali pa BR kapena 0T amadula £400 pamwezi, £2,400 yathunthu. Ndalama imeneyo yonse ndi yobwerera. Ntchito yosamalira okalamba inalowa pa mndandanda wa viza ya Health and Care mu February 2022, ndipo anthu ambiri akwathu anafika m'chaka chimenecho ndi chotsatira. Ngati muli m'gulu limenelo ndipo simunayang'anepo za chaka chanu choyamba, yambirani pomwepo.

Tax code ikakonzedwa chaka chisanathe, n'kukhala 1257L yopanda kamchira, simufunika kupempha chilichonse. Makina a bwana amayang'ana m'mbuyo okha, ndipo mwezi wotsatira mumangoona msonkho wachepa kapena pali kamzere kochotsera kutsogolo kwa nambala, kutanthauza kuti akubwezerani kudzera m'malipiro. Ena amadabwa, amaganiza kuti a ku ofesi alakwitsa, amaopa kuigwiritsa ntchito. Idyeni, ndi yanu.

Gulu lina ndi la ntchito ziwiri. Izi zimakhudza kwambiri ophunzira ndi amene anabwera potsatira amuna kapena akazi awo, omwe amatola mashifiti apa ndi apo. Ntchito yoyamba imatenga 1257L, yachiwiri imapatsidwa BR. Ngati yoyambayo ikukupatsani zoposa £12,570 pachaka, BR pa yachiwiri ndi yolondola, palibe chodandaula. Vuto limakhalapo pamene yoyambayo ili yochepa. Munthu walandira £9,000 kusitolo ndi £6,000 ku agency. Kusitolo sanadulidwe kanthu, ku agency anadulidwa £1,200. Koma zonse pamodzi ndi £15,000, msonkho wake weniweni ndi £486. Pali £714 yake pamenepo. Mukhoza kupempha a HMRC kuti agawe gawo laulere lija pa ntchito ziwirizo kuti zisamachitikenso.

Ndinene izi poyera, chifukwa ena amandiyang'ana ndi diso lofiira ndikawauza: masamu omwewa nthawi zina amaonetsa kuti ndinu amene muli ndi ngongole. Zimachitika mabwana awiri akamagwiritsa ntchito 1257L onse nthawi imodzi, aliyense akukupatsani gawo laulere lathunthu. Mwezi ndi mwezi zimakoma, koma chaka chikatha a HMRC amaona, chifukwa bwana aliyense amatumiza malipoti tsiku lililonse lolipira. Kusayang'ana sikufafaniza ngongoleyo. Kawirikawiri amaitenga pang'onopang'ono chaka chotsatira potsitsa tax code yanu, ndipo ndi bwino kuidziwiratu kusiyana n'kudzadzidzimuka mwezi umene mwalonjeza kale kutumiza ya feteleza.

Mukamaliza masamu apapepala, tsegulani akaunti yanu ya msonkho. Ikani app ya HMRC pafoni, kapena lowani pa GOV.UK mufufuze personal tax account. Adzafuna nambala ya National Insurance ndi umboni woti ndinudi. Apa alendo timavutikirapo pang'ono chifukwa pasipoti ya ku Malawi si imene makina awo amayamba kufunsa, ndiye khalani ndi P60 ndi payslip yaposachedwa pafupi, kapena laisensi yoyendetsera galimoto yakuno ngati muli nayo. Manambala muwalembe ndendende mmene alili papepala, mpaka ma peni. Ngati akupatsani nambala yolowera, imakhala ndi manambala khumi ndi awiri. Ilembeni pabwino, musaipereke kwa munthu.

M'katimo mupeza mabwana onse amene a HMRC akuwadziwa pa dzina lanu, tax code ya ntchito iliyonse, ndi zimene bwana aliyense wakhala akunena kuti wakulipirani. Musathamange pamenepa. Onani ngati agency imene munaisiya kalekale ikuonekabe ngati mukuigwirira ntchito, chifukwa ikhoza kukhala itagwira gawo lanu laulere pamene ntchito yanu yeniyeni ili pa BR. Mukhoza kuwauza pomwepo kuti munasiya. Kenako fananizani malipiro a mwezi uliwonse ndi ma payslip anu. Mtsikana wina wa kwathu kuno anapeza kuti kampani imene inamubweretsa inkamudula msonkho pa payslip koma miyezi ina ku HMRC sikunkafika lipoti lililonse. Chimene chinamuthandiza n'choti anali atasunga ma payslip onse ndi masitetimenti a ku banki. Ma payslip a pa intaneti muzikopera mufoni mwanu mwezi ndi mwezi, chifukwa tsiku limene mwasiya ntchito makampani ena amatseka khomo lolowera nthawi yomweyo. Mu app momwemo muli malo oonera zaka zam'mbuyo, ndipo chaka chilichonse amalemba ngati munalipira zokwanira, zochepa kapena zopitirira.

A HMRC nawonso amachita masamu awo chaka chikatha. Akapeza kusiyana amatumiza kalata yotchedwa P800, kuyambira cha mu June kupita m'tsogolo. Kalatayo imapita ku adiresi imene ali nayo, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zinasochera. Tinafikira m'nyumba za mabwana, tinayi tisanu m'nyumba imodzi, patapita miyezi ingapo aliyense n'kupeza kwake. Adiresi tinasintha ku banki ndi kwa dokotala, ku HMRC ayi. Envelopu yabulauni ija inagwera pakhomo la anthu ena. Kale akaona kuti simunayankhe ankangotumiza cheke, koma kuyambira mu 2024 ambiri amayenera kuchita kupempha okha, apo ayi ndalamayo imangokhala. Kalatayo imanena chochita. Mukapempha pa intaneti kuti ilowe ku banki, imafika m'masiku asanu ogwira ntchito. Mukasankha cheke konzekani kudikira mpaka masabata asanu ndi limodzi. Muiwerenge P800 musanavomere. Ngati pali ntchito imene simukuidziwa kapena malipiro amene simunalandire, auzeni.

Zonse ndanenazi a HMRC akhoza kuzipeza okha. Pali zina zimene sangazidziwe mpaka inu mutawauza, ndipo kwa ife oyenda m'makomo chachikulu ndi mamailosi. Mukamagwiritsa ntchito galimoto yanu kuchoka kwa gogo uyu kupita kwa gogo uyo, lamulo limaika muyezo. M'zaka monga 2022/23, 2023/24 ndi 2024/25 muyezowo unali 45p pa mailo iliyonse kwa mamailosi 10,000 oyambirira, ndi 25p pa opitirira apo. Njinga yamoto ndi 24p, yakapalasa 20p. Ngati bwana amakupatsani zochepera pa muyezo, kusiyanako mumakuchotsa pa ndalama zodulidwa msonkho. Mvetsetsani bwino apa, chifukwa anthu amakhumudwa: a HMRC sakupatsani kusiyana konseko, amakubwezerani msonkho wake wokha. Mwayenda mamailosi 6,000, bwana amalipira 30p. Kusiyana ndi 15p, kuchulukitsa ndi 6,000 ndi £900, ndipo chobwera m'thumba ndi 20 peresenti yake, £180. Ngati bwana salipira kalikonse, ndi £2,700, chobwera £540. Si ya nyumba, koma pa zaka zitatu zinayi ndi ndalama yooneka. Mu 45p muja muli zonse, mafuta, inshuwalansi, MOT ndi matayala, ndiye musakapemphenso zimenezo padera. Ulendo wochoka kunyumba kupita kumalo amodzi okhazikika antchito, monga care home imene mumapita tsiku ndi tsiku, suwerengedwa, ngakhale utalike bwanji.

Kuyambira mu October 2024 a HMRC amafuna umboni. Pa mamailosi amafuna ndandanda yoonetsa ulendo uliwonse, chifukwa chake, postcode yonyamukira ndi yofikira. Ine ndili ndi kope lofiira limene limakhala m'kabokosi ka kutsogolo m'galimoto, pamodzi ndi magolovesi. Ndikaima pakhomo, injini ndisanazimitse, ndimalemba deti, postcode ndi nambala ya pa dashibodi. Mayina a okalamba sindilemba, ndi chinsinsi chawo. Ngati simunkalemba, musataye mtima: rota ya pafoni imasunga kumene munapita tsiku lililonse, ndipo ma payslip ambiri amaonetsa mamailosi amene bwana analipira. Khalani pansi Loweruka lina mubwezeretse ndandandayo kuchokera pamenepo. Musangopeka nambala yozungulira bwino. Zopempha zonse za chaka chimodzi zikakhala zosapitirira £2,500 mumagwiritsa ntchito fomu P87; zikapitirira, ngati £2,700 ija, ndiye kuti mulembe Self Assessment, fomu youzira a HMRC nokha za ndalama zanu zonse, ya chaka chimenecho.

Yunifolomu ndi yachidule. Ngati mumavala yunifolomu yeniyeni ya ntchito n'kumachapa nokha kunyumba, pali ndalama yoikika imene safunsa malisiti. Anamwino ndi ma healthcare assistant ndi £125 pachaka, ntchito zimene zilibe muyezo wakewake ndi £60. Chobwera ndi £25 kapena £12 pachaka. Ngati kuntchito kuli kochapira kwaulere koma inu mumasankha kukachapa kwanu, simuloledwa. Mukapempha kamodzi amaiika mu tax code, 1257L ija imasanduka 1269L kapena 1263L, ndiye mukaona yanu ili kale choncho dziwani kuti mukulandira kale. Anamwino musaiwale ndalama imene mumalipira chaka ndi chaka ku NMC, bungwe lolembetsa anamwino, ngati mumalipira nokha osabwezeredwa ndi bwana.

Palinso ya apabanja. Ngati ndinu okwatirana mwalamulo, wina akulandira zosafika £12,570 pamene mnzake akulipira msonkho wa 20 peresenti, wolandira zochepayo akhoza kusamutsa £1,260 ya gawo lake kupita kwa mnzake. Amaitcha Marriage Allowance, ndipo imachepetsa msonkho wa banjalo ndi ndalama yofika £252 pachaka. Amene amapempha ndi wolandira zochepayo. Ndaona mabanja amene bambo anakhala chaka chathunthu akulera ana pakhomo mayi ali pa mashifiti ausiku, osadziwa kuti chaka chimenecho chinali ndi £252 yawo. Ongokhalira limodzi osakwatirana sizikuwakhudza.

Pa zonsezi muli ndi zaka zinayi kuchokera pamene chaka cha msonkho chathera. Za 2022/23 khomo limatsekeka pa 5 April 2027, za 2023/24 pa 5 April 2028. Ndiponso sangakubwezereni zoposa msonkho umene munalipira chaka chimenecho. Ngati simunadulidwe kanthu, palibe chobweza, ngakhale mamailosi achuluke chotani.

Pa Facebook ndi TikTok mwadzaza makampani olonjeza kukutengerani ndalama ku HMRC, ena mpaka amagwiritsa ntchito mitundu yofanana ndi ya boma. Ine sindiwakonda. Amadzaza fomu yomweyo imene mukanadzaza nokha mwaulere, n'kudulapo gawo lalikulu. Mu March 2023 boma linathetsa mphamvu ya mapepala amene anthu ankasaina opereka umwini wa ndalama zobwezedwa kwa makampaniwa, chifukwa ena ankatengerapo mpaka ndalama za zaka zimene sanagwirepo ntchito. Komabe mukasaina kuti ndalama idzere kwa iwo, idzera kwa iwo. Choopsa kwambiri n'choti wina akakuwonjezerani zabodza, mamailosi amene simunayende kapena zida zimene simunagule, a HMRC akadzatulukira adzafuna ndalama yonse kwa inu, kuphatikizapo imene anadya wothandizayo. Ndipo ife a viza tili ndi chifukwa china chosafunira dzina lathu kudetsedwa ku ofesi ya boma. Izi zikukhudzanso "m'bale wodziwa za msonkho" wa m'gulu la WhatsApp amene amapempha nambala yanu yolowera.

Akuba enieni nawo amadziwa nyengo. Uthenga wa pafoni kapena imelo yonena kuti muli ndi ndalama, dinani apa mulembe nambala ya khadi, ndi wabodza. A HMRC sapempha za ku banki kudzera pa uthenga, imelo kapena WhatsApp. Musadine, utumizeni ku 60599 ngati ndi wa pafoni, kapena ku phishing@hmrc.gov.uk ngati ndi imelo, kenako mukayang'ane nokha mu app.

Amene ntchito yawathera pakati pa chaka, monga anzathu amene makampani awo analandidwa chilolezo cholemba alendo, sayenera kudikira April. Mukapeza ntchito ina msanga, perekani P45 kwa bwana watsopano, zobwerera zidzabwera m'malipiro. Mukakhala masabata anayi kapena kuposa musanapeze, pali fomu P50 yopemphera msonkho wa miyezi imene munagwira. Obwerera kumudzi fomu yawo ndi P85, ndipo imafuna P45 ya bwana womaliza, ndiye musakwere ndege musanailandire. Munthu wochoka mu August atagwira miyezi inayi yokha ya chaka chatsopano amakhala atadulidwa ngati wogwira chaka chonse, ndiye kawirikawiri pamakhala kanthu. Akaunti ya ku banki yakuno musaitseke mpaka ndalamayo italowa, chifukwa cheke cha HMRC mukachilandirira ku Area 25 mudzasowa kochisinthira.

Zikakanika pa app, imbani 0300 200 3300, Lolemba mpaka Lachisanu. Imbani 8 koloko m'mawa akangotsegula, masana mzere umatalika. Khalani ndi nambala ya National Insurance, P60 kapena P45, ndi nambala ya PAYE ya bwana imene ili pamapepala omwewo. Musayambe ndi kufotokoza mbiri yonse ya mmene munafikira. Nenani chaka, nenani malipiro ndi msonkho umene munadulidwa, nenani tax code imene inali pa payslip, kenako muwapemphe awerengenso chaka chimenecho. Musanadule foni funsani adiresi imene ali nayo pa dzina lanu, ndipo mulembe deti ndi zimene akuuzani kuti achita.